Bokosi Lachitatu

"Tsika pamenepo usanatigwetsere siling'i," anatero achimwene, atagwira m'chiuno pansi pa makwerero. "Zida zakozi zatsala pang'ono kutiphera munthu, ndiye lero ukuti ukonze chiyani?"

Ndinali nditaluma sikuludiraiva, dzanja limodzi litagwira bokosi loyera la waifai la m'kolido, linalo likupapasa nthambo kuseri kwake. Nthamboyo inali bwinobwino. Kanyali kobiriwira kankangoyaka ngati sikakudziwapo kanthu.

Panali patapita masiku asanu ndi anayi chigwereni Abambo m'bafa. Anali atatuluka m'chipatala dzulo lake, chipumi chitasokedwa. Chaka chapitacho, sitiroko itawapha mkono wamanzere n'kuwalemeretsa lilime, ndinawagulira wotchi yokhala ndi batani lofiira: ukalidina, uthenga umafika pa foni yanga ndi ya achimwene nthawi yomweyo. Koma nyumba yathu, mmene achimwene amakhalanso ndi banja lawo, ili m'chigwa ndipo makoma ake ndi ochindikala, moti netiweki ya foni imathera pageti. Choncho ndinaika mabokosi atatu a waifai. Loyamba pabalaza, lachiwiri m'kolido, lachitatu kuchipinda chakumapeto kumene Abambo amagona ndi mkazi wawo. Onse atatu ndinawapatsa dzina limodzi ndi pasiwedi imodzi, kuti munthu akamayenda m'nyumbamo wotchi kapena foni izisiya bokosi ili n'kugwira linalo mwini wake osadziwa n'komwe. Imeneyi ndi ntchito yanga. Ndimaigwira m'maofesi ndi m'masukulu, ndipo palibe anabwererapo kudzadandaula.

Tsiku limene anagwa, Abambo anadina batanilo. Kuchipatala nditawafunsa kuti kangati, anandionetsa zala zinayi. Palibe foni imene inalira.

"Nkhani yake ndi ya pawiri," achimwene anapitiriza, akugwedeza makwerero ndi phazi. "Kaya ndi zidole zakozi, kaya ndi Atelala. Munthu angakhale maola awiri ndi wodwala akukha magazi osaimbira aliyense? Ankadikira chiyani, kuti auzidwe kuti nyumba yasanduka yawo?"

Atelala ndi mkazi wa Abambo. Anabwera m'nyumbamo patangopita zaka ziwiri Amayi atamwalira, atanyamula makina osokera ndi sutikesi imodzi. Akuti anadziwana Abambo atapititsa buluku kukafupikitsa. Achimwene ankakonda kunena kuti bulukulo linafupika koma nkhani inatalika. Sitinawatchulepo kuti amayi ngakhale tsiku limodzi. Pa zinthu zonse za pansi pano, ine ndi achimwene tinkagwirizana pa chimodzi chokhachi: kudana nawo. Ndipo ndinene zoona, tsiku limenelo ndinabwera ndikupemphera kuti vuto lipezeke kwa iwowo.

Ndinatsika, n'kutenga wotchi ya Abambo pa tebulo, n'kuivala.

"Ndiyenda monga amayendera Abambo," ndinatero. "Laputopu izindionetsa bokosi limene wotchi yagwira."

"Yenda, dokotala wa mawaya," anatero achimwene. Alamu, akazi awo, anaseka ali kukhitchini, kuseka kongofuna kuti ndimve.

Ndinayambira pabalaza, pa mpando wa Abambo woyang'ana zenera. Wotchi inali pa bokosi loyamba. Ndinadina batani, foni yanga inalira m'thumba, ya achimwene inalira pa sofa. Ndinalowa m'kolido, ndikukoka miyendo pang'onopang'ono. Nditapitirira chitseko cha chipinda cha ana, wotchi inasiya bokosi loyamba n'kugwira lachiwiri, mosavuta, ngati khanda lopatsirana m'manja. Ndinadinanso. Mafoni analira.

"Mwaona? Zikugwira."

"Anagwera m'kolido muno ngati?"

Ndinapitirira. Kolido yathu ndi yaitali, ndipo kumapeto imakhota, n'kutsika masitepe awiri. Pamenepo wotchi inkayenera kugwira bokosi lachitatu. Ndinaima, ndikuyang'ana pa laputopu. Siinagwire. Inakakamirabe pa bokosi lachiwiri. Ndinagogoda ndi chigongono n'kulowa osadikira kuyankhidwa.

Abambo anali pa bedi, atatsamira mapilo awiri, maso ali potseka. Atelala anali pa makina awo pafupi ndi zenera, akusoka mpendero wa nsalu yotchinga. Anandiyang'ana ndi diso la nkhwezule, phazi osalichotsa pa chopondera.

"Kwanu simupereka moni?"

"Mwaswera bwanji," ndinatero, maso ali pa laputopu.

"Taswera. Popeza sitinafe."

Ndinalowa m'bafa n'kukhala pansi, pa matailosi, pakati pa sinki ndi chimbudzi, pomwe Abambo anagwera. M'mizere ya matailosi munali mutatsalirabe kabii kosachoka ndi sopo. Wotchi inkaonetsa timizere titatu, kutanthauza kuti waifai ilipo yokwanira. Ndinadina batani. Zii. Ndinadinanso. Ndinawerenga mpaka makumi atatu, foni ili m'manja. Zii.

Wotchi ikuti ili pa intaneti, koma uthenga sukutuluka. Ngati vuto linali langa, ndiye kuti chipumi cha Abambo ndinang'amba ndine.

Ndinatuluka ndili wolusa kale.

"Bokosi ili munalikhudza?" ndinafunsa, ndikuloza pamwamba pa chitseko.

"Ine?"

"Inuyo. Mwina munazula nthambo kuti mulumikize ayironi. Kapena munalipukuta ndi nsanza yonyowa."

Makina anaima. Atelala anavula magalasi n'kuwaika pa nsalu.

"Taonani kutalika kwanga, ndiye muone pamene munalikhomerapo. Ndiuluke? Inu ndi achimwene anu muli ndi chizolowezi chimodzi. Mbale ikasweka, Atelala. Mphaka akasowa, Atelala. Mvula ikakana, mudzati ndaisoka ndine."

"Ndangofunsa."

"Simunafunse, mwagamula. Foni yanga yomwe inasiya kugwira miyezi inayi yapitayo. Ndinawauza achimwene anu, akuti foni yanu ndi yakale, kaitayeni. Inu ndikanakuuzirani pati? Mukabwera mumathera pabalaza."

"Ndiye maola awiri munkatani, munthu akukha magazi?"

Anavala magalasi aja n'kuponda makina. Phokoso lake linali yankho lokwanira: choka.

Ndinakatenga makwerero. Bokosi lachitatu linali ndi fumbi lochindikala, losakhudzidwa ndi chala chilichonse, ndipo kangaude anali atamanga kuchokera pa bokosilo kukafika pakhoma. Kanyali kake kankayaka. Magetsi ankafika, nthambo inali yolimba. Koma laputopu yanga, ili pansi pake penipeni, sinkalimva. Bokosi linali lamoyo koma losalankhula.

Zoterezi sizichitika zokha. Bokosi likapsa limazima. Likamayaka koma osaulutsa kanthu, pali amene walitseka pakamwa.

Ndinakhala pa sitepe n'kutsegula tsamba loyendetsera mabokosi onse. Ndinalemba pasiwedi. Inakana. Ndinalembanso mosamala, chilembo chimodzichimodzi. Inakananso.

"Achimwene!" ndinaitana. "Pasiwedi ya tsamba lija munasintha?"

Anatulukira pokhota paja atanyamula kapu ya tiyi. "Tsamba liti?"

"Lija ndinakusiyirani kuti intaneti ikavuta muziyatsanso mabokosi."

"Aa, ndinaiwala kalekale zimenezo. Usandinamizire zolephera zako."

Anabwerera, koma anayenda msanga kuposa mmene anabwerera. Chimene sankadziwa n'chakuti mmisiri aliyense amadzisiyira kiyi wake. Ndinalowa ndi dzina langa la ntchito, ndipo tsambalo linatseguka.

Ndinawerenga kawiri, chifukwa ulendo woyamba maso anakana.

Bokosi lachitatu: lozimitsidwa kuulutsa, kuyambira miyezi inayi yapitayo. Bokosi lachiwiri: mphamvu yake, imene ndinaisiya pakatikati, inali itakwezedwa mpaka kumapeto. Ndipo pansi, pa mndandanda wa zida zoletsedwa kulowa pa waifai, umene ndinausiya wopanda kanthu, panali foni imodzi. Woiletsayo anali ataipatsa dzina, m'zilembo zikuluzikulu: TELALA.

Ndinakhala pa sitepepo mphindi zingapo. Kumbuyo kwanga makina ankalira. Kutsogolo kwanga, pabalaza, wailesi yakanema inkaulutsa mpira. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndikanatha kungoyatsa bokosilo mwakachetechete, n'kunena kuti linali ndi kavuto, n'kumapita kwathu. Achimwene akananditukwana mwezi umodzi, nkhani n'kutha. Ndinaganizadi zimenezo, ndipo sindikunyadira.

Ndinanyamula laputopu n'kukaiika pa tebulo la pabalaza, pamwamba pa rimoti.

"Werengani."

"Chotsa, ndikuonera."

"Werengani, achimwene, kapena ndikawawerengere Abambo."

Anasuzumira. Nkhope yawo siinasinthe, anangokhazika kapu pa sosa. Alamu anabwera n'kuima pakhomo la khitchini, akupukuta manja.

"Ndiye?" anatero achimwene. "Nyumba ino ndi ya Amayi athu. Mkazi uja ankajambula chilichonse, makabati, mabedi, ngakhale mapepala a Abambo, n'kumatumiza kwa abale ake. Iwe sukhala kuno, sudziwa kanthu. Ndimati ndizimuonerera?"

"Munamuona akutumiza?"

"Ndinamuona ndine," anatero alamu. "Tsiku lonse foni ili m'manja."

"Telala amajambula madiresi, alamu. Makasitomala ake amamutumizira masitayelo."

"Lero wasanduka loya wake?" Achimwene anaimirira. "Si iwe unakana kudya pa ukwati wawo? Si iwe unati mkaziyu adzawamaliza Abambo? Ndipo usandiyese chitsiru. Za wotchi ndinaziganizira. Nditazimitsa lakumapetolo ndinakweza mphamvu ya la m'kolido. Ndinapita ndekha kuchipindako, ndinaona timizere titatu. Titatu! Ngati wotchi yako imanama, mlandu ndi wako."

"Munadina batani?"

Anatembenukira ku wailesi yakanema.

"Munadina batani muli m'bafa, chitseko chili chotseka?"

"Timizere tinalipo."

"Timizere timangokuuzani kuti wotchi ikumva bokosi. Sitikuuzani ngati bokosi likumva wotchi. Inu munapatsa bokosi chimkuzamawu, likufuula mpaka kubafa. Koma wotchi ndi kanthu kakang'ono, batire lake ngati njere ya nyemba. Imanong'ona. Inanong'ona kanayi kudutsa makoma atatu, ndipo bokosi limene likanaimva, limene lili masitepe asanu kuchokera pomwe anagwera, munali mutalitseka pakamwa ndinu."

"Tsitsa mawu."

"Sinditsitsa."

"Ndati tsitsa mawu, ndine mkulu wako!"

"Ukulu wake womwewu?"

Anakweza dzanja. Alamu anawagwira mkono. Tinayang'anizana, tonse tikupuma ngati tathamanga, ndipo ndinaona kuti akufanana kwambiri ndi Amayi akakwiya, milomo yopyapyala, mtsempha uli njo pachipumi. Zimenezo zinandipweteka kuposa mbama imene sanandimenye.

Ndinakhala pansi n'kukoka laputopu. Ndinayatsa bokosi lachitatu. Ndinatsitsa mphamvu ya lachiwiri kubwerera pakatikati, kuti wotchi ikafika pokhota paja izilisiya n'kugwira loyandikira. Kenako ndinafufuta dzina lija pa mndandanda wa zoletsedwa.

Sipanathe mphindi. Foni yanga inanjenjemera m'thumba. Ya achimwene inalira pa sofa, kenako inaliranso, n'kuliranso. Wotchi inali pa mkono panga, ndipo sindinaikhudze.

Ndinatulutsa foni. Mauthenga amawu atatu, ochokera pa nambala imene ndinaisunga kuti "Telala wa Abambo". Anali atakhala mu foni yawo masiku asanu ndi anayi, akudikira khomo loti atulukire. Ndinatsegula woyamba, ndipo sindinatsitse voliyumu.

Kunamveka madzi akuthira pa sinki. Kenako kubuula, kwa munthu wamkulu, kosatuluka bwino. Kenako mawu a Atelala, opanda ukali uja ndinauzolowera.

"Mwanangu, bambo ako agwa. Magazi akutuluka kwambiri. Ndawagwira mutu, ndikawasiya magazi akuthamanga. Batani ladinidwa koma palibe akubwera. Chonde mwanangu, kaya umandida, bwera."

Wachiwiri unali waufupi. "Ndakuwa, palibe akumva. Foni iyi kaya ikutumiza kaya ayi."

Wachitatu unali wa patapita ola ndi theka. Mawu anali atasasa. "Ndawamanga ndi nsalu ya kasitomala. Ndikuwasiya okha, ndidzere khomo lakuseri ndithamangire kumsewu. Akafa ndili kunja, mudzandikhululukire."

Pa wailesi yakanema wina anagoletsa chigoli, anthu ankakumbatirana popanda mawu chifukwa alamu anali atatseka voliyumu. Foni ya achimwene inali pa sofa, ikuwala, mauthenga asanu osatsegula. Anaiyang'ana, kenako anaitembenuza chafufumimba.

"Zimenezi akhoza kukhala atajambula dzulo," anatero.

"Tsiku ndi nthawi zalembedwa pamenepo."

"Iwe ndi makompyuta ako mukhoza kulemba chilichonse."

Alamu anabwerera kukhitchini. Ndinamva mpopi ukutseguka, ngakhale mbale anali atatsuka kale.

Ntchito inali isanathe. Ndinayendanso ulendo uja kuchokera pa mpando wa pazenera. Bokosi loyamba. Chitseko cha ana, bokosi lachiwiri. Pokhota, ndisanatsike n'komwe sitepe yachiwiri, wotchi inalumphira pa lachitatu. Ndinagogoda, ndipo ulendo uno ndinadikira.

"Lowani."

Foni ya Atelala inali pa makina, ikungonjenjemera ndi mauthenga a miyezi inayi: makasitomala ofunsa madiresi awo, ena otukwana, ena otsanzika. Sankaiyang'ana. Ankapukuta Abambo pakamwa ndi kansalu. Ndinalowa m'bafa, n'kutseka chitseko, n'kukhala pa matailosi paja. Ndinadina. Foni yanga inalira nthawi yomweyo, ndipo kutali, pabalaza, ndinamva inanso ikulira. Ndinabwereza katatu, ndili chogona, ndili kuseri kwa chimbudzi, mpopi uli wotsegula. Ulendo uliwonse uthenga unatuluka.

Ndinavula wotchi n'kuwaveka Abambo pa mkono wamanzere uja. Anatsegula maso. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana foni imene inkanjenjemera ija, n'kuyang'ananso ine. Lilime lawo ndi lolemera koma mutu ndi wakuthwa. Makoma athu ndi ochindikala, koma ine ndi achimwene sitinkanong'ona. Anayesa kunena kanthu, kenako anangotembenukira kukhoma.

"Mauthenga anu afika," ndinawauza Atelala.

"Afika msanga."

"Sindinkadziwa kuti foni yanu inatsekedwa."

"Munkadziwa chiyani cha ine?"

Liwu lija loti amayi linafika pakhosi n'kukakamira pomwepo ngati fupa la nsomba.

"Pepani," ndinatero.

Anapinda kansalu kaja kanayi, n'kukasalaza ndi chikhatho monga amachitira ndi nsalu asanaidule.

"Pepani wanuyo kawapatseni bambo anu, ndi amene anasokedwa. Ine ndinabwera muno ndi makina anga, sindinabwerere makabati. Tsiku limene adzapite awa, simudzandithamangitsa, mudzangopeza chipinda chosesa." Anatsonya. "Mwamaliza? Tengani makwerero anu, akutchinga kuwala."

Ndinapinda makwerero n'kutuluka nawo. Pokhota paja pali chitseko chimene chimalekanitsa chipinda chakumapeto ndi nyumba yonse. Masana chimakhala chotsegula, chitatsamira khoma, moti munthu suchiona n'komwe. Phazi la makwerero linachikola, chinatsekeka kumbuyo kwanga, ndipo nditatembenuka kuti ndichikankhe ndinaona chinthu chimene kunalibe pamene ndinkakula m'nyumbamo.

Mpiringidzo wachitsulo, watsopano, wonenepa ngati chala chachikulu. Unali mbali imodzi yokha, mbali ya achimwene. Penti inali itakalika pomwe umakhuza, chizindikiro chakuti umatsekedwa ndi kutsegulidwa tsiku ndi tsiku. Ndipo Abambo anagwa usiku.

Ndinatsamiritsa makwerero pakhoma n'kusolola sikuludiraiva m'thumba lakumbuyo. Achimwene anali ataima kumapeto kwa kolido, foni ili m'manja, akundiyang'ana.

"Usakhudze chimenecho," anatero, koma mawu awo sanafike patali.

Masikuluwu anali anayi, omangidwa ndi munthu wamphamvu. Loyamba linakana, linakana, kenako linalira n'kuyamba kuzungulira, timatabwa toyera tikugwera pa nsapato zanga.